Zingwe za Matumbo a Nkhosa

Amuna anga anayamba kuimba vayolini tisanakwatirane, koma si vayolini wamba ayi. Yawoyi ndi yamakedzana, ndipo zingwe zake si zachitsulo, n'za matumbo a nkhosa. Mawu ake ndi otsika, osasokosa, ngati munthu akukunong'oneza. Kukangochita chinyezi zingwezo zimakhwepa, ndiye muwaone akupotokola zikhomo, khutu lili pathabwa, dziko lonse lidikire. Ndakhala ndikuidandaula vayolini imeneyi ngati mkazi mnzanga, koma ndinaizolowera.

Mwana wathu wamkazi atanena za ukwati, bambo akewo anapempha chinthu chimodzi chokha: amuimbire nyimbo yolowera mu holo. Manja anali atayamba kunjenjemera, gulu lomwe ankaimba nalo linabalalika kalekale, ndipo tonse tinkadziwa kuti kuimba pagulu kumeneku n'komaliza. M'mawa uliwonse ankadzitsekera m'chipinda chakuseri, nyimbo imodzimodziyo, mpaka nane ndinayamba kuing'ung'udza potsuka mbale.

Kenaka mkamwini anabwera ndi chimbale chake. Nyimbo yomweyo, koma yojambulidwa ndi chikhamu cha oimba a zida zamakono. Atachiika, mawindo ananjenjemera.

Mwana wanga ananditsatira kukhitchini, maso ali pansi. "Amayi, holo ija ndi yaikulu. Vayolini ya ababa sidzamveka kumbuyo. Komanso mmene amachedwera pokonza zingwe, anthu adzayamba kuseka."

"Aseke! Anakubala ndi chimbale iwe?"

Analira. Ine ndinapsa mtima koposa, chifukwa zimene ankanenazo zinali zoona.

Masana a tsiku loti mawa ukwati tinapita kuholo kukayeserera. Amene anabweretsa nzeru ndi bambo wa zokuzira mawu, chimunthu chosekaseka chokonda kutafuna chotokosera mano.

"Zosavuta izi," anatero. "Madala aimbe limodzi ndi chimbale. Aliyense akondwa."

Anayatsa chimbale, amuna anga n'kukweza uta woimbira vayolini. Mayo ine, zinkakhulana m'makutu! Chimbale chili pamwamba, vayolini ili pansi pang'ono. Iwo anaima n'kufotokoza mofatsa kuti zida zakale amazichuna motsika, ndipo zamakono anazikweza.

"Ndiye mungokweza yanuyo, bambo," anatero mkamwini. Sanalankhule mwachipongwe, sankadziwa basi.

Koma ine ndinkadziwa. Pamimba pa vayoliniyo pali mng'alu wakale womata ndi guluu, ndipo amuna anga anandiuza kambirimbiri kuti zingwe zikakungika mopitirira, thabwalo silingapirire.

"Bambo a mwana, musayerekeze," ndinatero.

Sanandiyang'ane. Anayang'ana mwana wawo.

"Ababa, chonde," anatero mwanayo. "Ndikufuna mudzaimbe."

"Ndi ukwati wa mwana uwu, mayi," anandiyankha.

Anapotokola chikhomo choyamba, chingwe n'kukwera. Chachiwiri chimodzimodzi. Ine ndinagwira mpando wapulasitiki. Pa chachitatu panamveka kuti thwa! Ndinapemphera kuti chikhale chingwe, poti zingwe zina zinali m'bokosi. Sichinali chingwe. Thabwa linang'aluka kuchokera pa kamtengo kochirikiza zingwe mpaka kumunsi, mng'alu woti n'kulowetsamo chikhadabo.

Wa zokuzira mawu uja anachotsa chotokosera mkamwa n'kunena kuti ali ndi guluu wamphamvu m'galimoto. Zimene ndinamuuza sindingazibwereze pano.

Amuna anga sanalire, ndipo bola akanalira. Anapukuta vayoliniyo ndi kansalu monga amachitira akamaliza kuimba, n'kuigoneka m'bokosi.

Ukwati unayenda bwino, anthu amatero. Chimbale chinagunda mpaka mipando yakumbuyo, alendo anaimirira n'kuwomba m'manja. Amuna anga anamulowetsa mwana wawo atamugwira mkono, dzanja linalo lili m'thumba kuti anthu asaone kunjenjemera.

Mmisiri wokonza zida zoimbira ataiona vayolini ija anapukusa mutu. Anati angathe kuimata, koma mawu aja sadzabwereranso. Amuna anga anachotsa zingwe zonse, n'kuzikulunga bwinobwino, n'kuziika m'dirowa momwe timaponyamo makiyi osadziwika zitseko zake. Chipinda chakuseri tsopano timayanikamo zovala kukagwa mvula. M'mawa amangokhala pampando, manja ali pamawondo. Ndimachita mantha ndi kukhala chete kumeneku kuposa matenda.

Tsiku lina ndikutsuka mbale ndinapezeka ndikung'ung'udza nyimbo ija. Sindinadziwe kuti amuna anga aima pakhomo la khitchini.

"Mwakweza, mayi," anatero. "Imeneyo ndi ya chimbale."

Ndinatseka mpopi. Ndinatsitsa mawu, iwo anapukusa mutu. Ndinatsitsanso, anapukusanso.

"Tandiyambitsirani ndinu," ndinawapempha.

Anatsegula pakamwa, akufunafuna mawu otsika a vayolini yawo aja, koma sanawapeze. Kenaka anatseka pakamwa n'kubwerera pampando paja.