Tinsomba ta Thandi

"Izi ndiye zichoke, alamu. Nanga nkhuku twente tiziika kuti?"

Azakhali a Keturah anali atawerama mu firiza yaikulu ya m'galaja, akutulutsa timatumba tapulasitiki n'kumatiponya mu jumbo yakuda ya zinyalala. Anafika m'mawa womwewo kuchokera ku Corby, tauni ina ya ku England komweko, kudzathandiza pa maliro a Thandi, mwana wa mchimwene wawo, ndipo anapeza firiza itadzaza ndi tinsomba tating'ono ngati usipa. Kathumba kalikonse kanali ndi deti ndi nambala.

Mayi Anganile, amake malemuyo, anaima pakhomo la galaja manja ali m'khwapa. Linali Lachiwiri. Thandi anagwa m'bafa Loweruka m'mawa, mtsempha wa m'mutu utaphulika, ndipo pamene ambulansi inkafika kunyumba kwawoko ku Beaumont Leys n'kuti atapita kale. Anali ndi zaka 27.

"Ndiye ndi zoona kuti izi n'zolanda kukamwa kwa mbalame?" anafunsa azakhaliwo.

"Ndi zomwezo."

Thandi anasiya maphunziro a zamankhwala ali chaka chachiwiri n'kuyamba za mbalame za kunyanja. Chaka chilichonse mu Juni ankapita pa kachilumba kena kozizira ku Scotland, n'kubwerako mu Julaye milomo itang'ambika, zovala zikununkha nsomba. Lachisanu lapitalo anatulukira ndi bokosi la ayezi, akuti ku labu kwatsekedwa mpaka Lolemba. Amake anali atangoweruka shifiti ya maola khumi ndi awiri kuchipatala. Anamuuza kuti anzake akuchiritsa anthu pamene iye akutolera zogwa m'milomo ya mbalame, ndipo kuti Lolemba asazipezenso mu firizamo. Atatero anakwera kukagona. Sanadzayankhulanenso.

"Tayani, alamu," anatero mayi Anganile. "Zinandilanda mwana akadali moyo."

Jumboyo inaikidwa panja, pafupi ndi bini, padzuwa.

Patapita kanthawi kunabwera mtsikana wovala mpango wobiriwira kumutu, atanyamula maluwa. Anadzitchula kuti ndi Sumera, mnzake wa Thandi wa ku yunivesite, ndipo ankagona naye tenti imodzi pachilumba paja. Ankayankhula Chingerezi chofatsa, maso ali psuu. Atapepesa kwa bambo ake a Thandi pabalaza, mayi Anganile anamuperekeza kudzera khomo la kuseri. Apo m'pamene anaona jumbo ija itayasama, kathumba kamodzi katasuzumira kunja.

Mtsikanayo anagwada pa simenti n'kukagwira. Kanali katayamba kufewa.

"Mayi, zatuluka nthawi yanji izi?"

Azakhali a Keturah anatulukira, mpeni wa anyezi uli m'manja. "Taonani zake! Pakhomo pali maliro, iye wadzera nsomba."

"Sindinadzere zimenezi," anatero Sumera. Sanamve Chichewacho koma nkhope anaiona. "Koma ndi ntchito yake ya chaka chino yonse. Zikasungunuka zatha. Ndiloleni ndikuonetseni kaye, mphindi zisanu zokha. Mukati zitayidwe, ndizitaya ndekha."

Mayi Anganile anabwerera m'galaja, mtsikanayo n'kuwatsatira. Sumera anaika laputopu pa chivundikiro cha firiza.

Poyamba kunangomveka mphepo. Kenako panaoneka nyanja yotuwa ngati malata akale, ndipo pamwamba pake mbalame zoyera zosawerengeka zikuzungulira. Imodzi inapendekeka, inapinda mapiko kumbuyo, n'kugwa mutu pansi ngati mkondo. Phava! Ina phava, inanso, mpaka nyanja yonse inachita thovu ngati ikugwa matalala.

"Mayo ine!" anatero azakhali a Keturah, kenako n'kufunsa m'Chingerezi: "Sizithyoka makosi?"

Sumera anati zimenezo ndi ma gannet. Zimadziponya kuchokera pamwamba ngati pa denga la nyumba ya nsanjika khumi, ndipo zimamenya madzi pa liwiro la galimoto ya pa msewu waukulu. Pansi pa khungu la kumaso ndi pachifuwa pali timatumba ta mpweya totchinjiriza, ndipo mphuno zake n'zotseka kunja kuti madzi asalowe.

Azakhaliwo anaika mpeni pansi. "Ndiye Mulungu anachita kuziganizira zonsezo."

Kenako panabwera kambalame kafupi, kakuda kumsana, koyera pamimba, mlomo wake wofiira ndi wachikasu ngati wopaka. Kanatera pa udzu tinsomba tasiliva titandanda mopingasa kukamwa, khumi ndi kamodzi.

"Kameneko ndi puffin, kake ka Thandi," anatero Sumera. "Kamauluka pansi pa madzi ndi mapiko omwewa. Kakagwira nsomba kamaikanikiza ndi lilime ku timinga ta m'kamwa, n'kutsegulanso mlomo kugwira ina, yoyamba ija osagwa. Kamaikira dzira limodzi basi pachaka, ku una pansi pa nthaka. Ndiye bambo ndi mayi amapita kutali, nthawi zina ngati kuchoka kuno kukafika ku Nottingham, kukasakira mwana mmodziyo."

Anafotokoza kuti tinsombato timakhala tobisala mu mchenga pansi pa nyanja, ndipo timanona chifukwa timadya tizilombo tosaoneka bwino ndi maso tomwe timakonda madzi ozizira. Madzi akamatentha tizilomboto timachepa, tinsomba timawonda, ndipo kholo limabwera mlomo uli wodzaza koma mafuta mulibe. Thandi ankayeza kansomba kalikonse kutalika ndi kunona kwake, kuti boma lidziwe malo oyenera kuletsako zombo zophera nsomba.

Kenako pa kanemapo panaoneka Thandi mwini.

Anali atagona chafufumimba pa udzu wonyowa, tsaya lili pa dothi, dzanja lonse lalowa ku una mpaka paphewa. Anatulutsa kamwanapiye kotuwa, kaubweya ngati thonje lakuda, n'kukaika m'kathumba kansalu. Kathumbako anakakoleka pa sikelo ya m'manja n'kuikweza kufika pa maso, akudikira kuti muvi ukhazikike.

Mayi Anganile anasendera pafupi mpaka mimba yawo inagunda firiza.

"Bwezani pamenepo."

Sumera anabweza. Amayiwo anaonanso kathumba kakulendewera, timiyendo tikupalasa mkati. Asanabwere ku England anagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi ku Karonga, kukweza ana pa sikelo yokoleka pa mtengo wa mango, amayi atandanda ndi makadi m'manja.

"Manambalawo amalemba pati?"

Sumera anatsegula chithunzi cha mizere yoonetsa kulemera kwa tianapiyeto. Mzere wa zaka zakale unkakwera bwino. Wa chaka chino unakwera pang'ono n'kugona. Mayi Anganile anautsata ndi chala, ndipo sanafunike wowamasulira.

"Alamu," anatero ndi mawu otsika, "ana awa akunyentchera. Mwana wanga amapangitsa sikelo."

M'khitchini amayi a mpingo anali atayamba nyimbo chapansipansi. Kenako mayi Anganile anatuluka, ananyamula jumbo ija ndi manja awo, n'kuyamba kubwezera timatumba mu firiza, akuwerenga deti la kalikonse. Zilembo zinali za Thandi, zopendekera kumanzere.

"Nanga nkhuku zija?" anafunsa azakhali a Keturah, koma mawu awo anali atasiya ukali.

"Kapempheni malo kwa a Banu apa nyumba yachiwiriyi. Ali ndi firiza yaikulu. Izi zichoka pano zikauma gwa."

Azakhaliwo anapukuta manja pa chitenje n'kuwerama kuthandiza. Kathumba kamodzi anakayang'anitsitsa pa kuwala, tinsomba titatu tasiliva, maso ngati njere za mpiru, n'kupukusa mutu.

Atatseka firiza, Sumera sanatseke laputopu. Anati pali chinthu chimodzi chimene iye ndi anzake pachilumbapo sankachimvetsa, ndipo Thandi akafunsidwa ankangoseka.

Kuti apeze tinsombato, ankatchera ukonde wopepuka pafupi ndi mauna. Mbalame ikakodwa inkagwetsa zonse za kukamwa, iwo n'kuimasula. Ndiye kuti mwana wa ku una uja chakudya chimenecho chamudutsa. Thandi sankagona nazo zimenezo. Akatha kuyeza ankasungako tiwiri kapena titatu ta ku labu, totsalato n'kubwerera nato ku una womwewo, ngakhale mvula ikugwa.

"Zobwezazo tinkazimvetsa," anatero Sumera. "Koma taonani mmene ankaperekera."

Pa kanemapo Thandi ankayenda chowerama polimbana ndi mphepo, jekete lachikasu likukupiza. Atafika pa una anagwada mawondo onse awiri pa matope. Anatambasula dzanja lamanja lili ndi tinsombato, lamanzere litagwira pamkono, mutu ataweramitsa pang'ono. Anatiika pakhomo pa unawo mosamala, n'kubwerera chafutambuyo masitepe awiri asanatembenuke.

"Ankatero nthawi zonse," anatero Sumera. "Kodi zili ndi tanthauzo?"

Azakhali a Keturah anagwira pakamwa n'kutembenukira kukhoma, mapewa akugwedera.

Mayi Anganile anakoka mpando wapulasitiki n'kukhala pansi pafupi ndi mtsikanayo.

"Kwathu timapereka choncho kwa akuluakulu," anatero. "Taikaninso, mwananga. Ndione bwino."