Kamba wa Bassou

Nkhani inali m'kamwam'kamwa mudzi wonse, kuyambira kungalande kumene amayi amachapa mpaka kuuvuni wa buledi: ati Bassou wameta miyendo. Osati ndevu ayi, miyendo. Ena ankati anaiona ndi maso awo ikuwala ngati botolo pamene ankatsika njinga pagolosale. Ena ankawonjezera kuti kulinso mtsikana wa ku Ouarzazate, dzina lake Nezha, amene Lamlungu lililonse amapalasa njinga yake kumbuyo kwa Bassou, tayala kufuna kupsompsona tayala, kukwera phiri la Saghro mpaka kukazimirira m'miyala yakuda ija, kumene ngakhale mbusa amapitako monyinyirika.

Amene anachedwa kumva anali Itto, mkazi wa Bassou. Koma kwathu kuno nkhani sigona panja. Anamuuza ndi Rkia wa nyumba yoyandikana nayo, onse awiri akupondaponda mabulangete m'madzi.

"Mayi a Yidir, amuna anu akukwatiwa liti?" anafunsa Rkia. "Ndaona ameta ngati mkwatibwi."

"Akuti ukagwa pamiyala, bala limapola msanga pakakhala popanda cheya," anayankha Itto osadzutsa mutu.

"Oo, anatero? Nanga za kanjedza anakuuzani?"

"Kanjedza wanji?"

"Yemwe mumawamangira m'kampango uja. Amuna anga, akuchokera kutsidya pa lole, anawapeza pamwamba pa phiri. Njinga zikuyenda, a Bassou apisa dzanja m'thumba lakumsana, atulutsa kanjedza, atambasulira mtsikanayo. Iye walandira, waponya m'kamwa. Kenako wamwera m'botolo lawo. Kaya munali madzi, kaya mkaka, ine sindinalaweko."

Itto anasiya kuponda. Paja kwathu mwamuna amadyetsa mkazi kanjedza ndi mkaka tsiku limodzi lokha, laukwati, anthu akuimba. Ndipo kanjedzayo sanali wogula. Ankachokera m'mitengo ya bambo ake a Itto ku Nkob, ndipo iye ankasankha yekha wofewa, wonona, n'kumumanga m'kampango kamene anapeta ali namwali.

Kale Bassou ankaperekeza alendo m'phirimo ndi nyulu. Phula litafika, Itto ndi amene anasangalala kuposa onse, ati fumbi latha. Koma walira mvula walira matope. Bassou anagulitsa nyuluyo n'kugula njinga ya matayala owonda ngati chala, kabudula wothina wochititsa manyazi, ndi chipewa chonga chigoba cha vwende. Analowanso gulu la opalasa njinga la kutawuni.

Madzulo a tsikulo Itto anam'peza pabwalo akutsuka tcheni ndi mswachi wakale, uku akuimba mluzu.

"Bambo a Yidir, mtsikana uja njira saidziwa?"

"Uti?"

"Amene amakununkhizani msana."

Bassou anaseka. "Nezha? Ndi mphepo, mkazi wanga. Wakutsogolo amaswa mphepo, wakumbuyo amapumako. Akatopa wina, timasinthana."

"Ndiye inunso mumamununkhiza."

"Pagulupo tilipo ambiri."

"Koma kanjedza wanga amadya mmodzi."

"Iwe, m'phiri muja mulibe sitolo, mulibe chitsime, mulibe mtengo. Mnzako njala itamugwira, umuonerere? Ndiye kuti Rkia wakuthira tsabola m'makutu. Mayi amene uja lilime lake likanakhala njinga, bwenzi atapambana mipikisano yonse."

Anasekanso, n'kupitiriza mluzu wake. Kuseka kumeneko ndi kumene kunamupweteka Itto kuposa kanjedza. Anakumbukira kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma sanadziwe ngati mbuziyo inali Bassou kapena iye mwini.

Lamlungu lotsatira gulu linapangana ulendo wautali, wodutsa phiri lonse, kukafika kutsidya ndi kubwerera. Itto analawirira kuseri kwa khola la nkhosa. Timiyala ta kwathu kuno timakhala takuda mofiirira, tina tosalala, totalika ngati chala chachikulu. Anatola todzaza dzanja, anatipaka madzi a kanjedza kuti tinunkhire ndi kumata, n'kutimanga m'kampango kaja mfundo ziwiri.

Maganizo ake anali amodzi okha. Ankaona Bassou akutambasula dzanja, mtsikanayo akulandira mwala, n'kuzindikira kuti kunyumba kuja kuli mkazi wamaso. Zoti Bassou nayenso ali ndi mimba sizinamubwerere n'komwe.

"Idyani buledi kaye," anatero Itto ataona kuti mwamunayo wangomwa tiyi chilili.

"Anzanga akudikira. Ndidya kamba wako panjira."

Anaponya kampangoko m'thumba lakumsana, n'kukwera. Mawu anafika pakhosi pa Itto, koma kumsewu anaona malaya achikasu a Nezha akuwala pakati pa amuna aja. Anawameza mawuwo.

Masana mphepo inayamba, ya fumbi ija imene imagwetsa zovala pachingwe. Anyamata a pagulu anabwerera mmodzimmodzi. Anati iwo atembenukira pamwamba pa phiri, koma Bassou ndi Nezha, amphamvu awiriwo, atsikira kutsidya.

"Awiriwiri," anatero Rkia ali padenga lafulati la nyumba yake, akuyanika tsabola. "Mphepo yabwino iyi, imadziwa kusankha anthu."

Itto anali padenga lake. Anayang'ana msewu umene umakhotakhota ngati njoka pakati pa zipilala za miyala yopserera, yotsala pamene phirilo linasanza moto makolo athu asanabadwe. Poyamba ankaona m'maganizo awiriwo atakhala pamthunzi wa thanthwe akuseka. Dzuwa litapendeka, anayamba kuona zina: mwamuna wake ali gone m'mbali mwa msewu, pakamwa pali gwa, m'thumba muli miyala. Anatsika, anakoleza moto, anakweranso. Anatsikanso osadziwa chimene watsikira.

Awiri aja anatulukira dzuwa likugunda nsonga za phiri, nthawi imene aliyense amakhala pakhomo pake. Njinga ziwirizo zinkabwera pang'onopang'ono, moyandikana. Nezha anagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi. Dzanja linalo linali pamsana pa Bassou, likumukankha. Anadutsa choncho pagolosale, pamzikiti, pangalande, mudzi wonse ukuona dzanja limenelo.

Bassou anatsika ngati nkhalamba. Milomo inali itayera, bondo likuchucha magazi, malaya atang'ambika paphewa.

"Achemwali, tiyi wa shuga wambiri, msanga," anatero Nezha kwa Itto. "Njala inawagwetsa pachitunda chachitali chija pobwerera. Maso anachita mdima, n'kupita pansi ndi njinga yomwe. Ndawadyetsa zanga zonse, buledi ndi uchi. Ndimachita kuwaika m'kamwa ngati mwana."

Rkia anali atafika kale pachipata, ndi amayi ena atatu kumbuyo kwake, ati adzazonda wodwala.

"Njala?" anatero Rkia. "Munthu wochoka m'nyumba ya mayi a Yidir? Nanga kamba uja amamangiridwa masiku onse anapita kuti? Kapena anatha msanga chifukwa chogawana?"

Itto anamva nkhope ikuyaka. Mkazi wotumiza mwamuna wake m'chipululu ndi miyala, nkhani imeneyo ikanafika ku Nkob kwa bambo ake dzuwa lisanatuluke. Anayang'ana Bassou. Bassou anayang'ana pansi.

"Anauiwala patebulo," anatero Nezha akuvula chipewa chake. "Amunawa mukuwadziwa, amayi. Mutu ukanakhala wochotsa, bwenzi atausiyanso."

Amayi aja anaseka, n'kumabalalika mokhumudwa pang'ono.

Mlendo sabwerera pakhomo osamwa tiyi, ngakhale akhale amene wakuphera ngamila. Itto anayala mkeka, anathira tiyi kuchokera m'mwamba kuti achite thovu. Uku akuthira, ankamuba ndi diso mtsikanayo. Ankafuna apeze chimene Bassou anaona. Mphuno inali yosupuka ndi dzuwa, tsitsi lomata ndi thukuta, miyendo ngati ya mnyamata wotuta matumba. Sanali wokongola n'komwe. Ndipo zimenezo zinamuwawa kwambiri, chifukwa wokongola umadziwa polimbana naye.

Bassou atalowa kukasamba, Nezha anatulutsa kampango kaja m'thumba lake, kopindidwa bwino, kopanda kanthu.

"Kanu aka. Mwapeta bwino." Anatsitsa mawu. "Miyala ija ndaisiya kwawo kuphiri."

"Munaiona?"

"Anamasula ndili pomwepo. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, 'Mkazi wanga walakwitsa thumba.' Ine sindinafunse zambiri."

"Ndiye mwandinamizira chifukwa chiyani?"

"Nyumba ndi yanu, achemwali. Ine ndimangofuna wondiswera mphepo."

Itto anathokoza ndi pakamwa. Mumtima munali chimwala. Tsopano awiri aja anali ndi chinsinsi chawo, ndipo chinsinsicho chinali iye.

Sabata yonse Bassou sanakalipe. Bola akanakalipa. Ankadya, n'kunena kuti zikomo ngati mlendo, n'kutuluka. Mluzu unatha. Loweruka Itto anasankha kanjedza wonona kuposa yense, akuchita dala pamaso pake kuti aone.

"Usavutike," anatero Bassou akupopa tayala. "Nezha wati azinditengera."

Itto sanalire. Analowa m'nyumba, anatsegula bokosi lake la zovala, n'kutulutsa kampango kena.

M'mawa mwake gulu litasonkhana pamsewu, anthu anadabwa kumuona Itto akubwera atafunda nsalu yake yakuda yamaluwa, ija ya kuukwati ndi kumaliro, timitolo tiwiri m'manja. Anadutsa pakati pa njingazo osapatsa moni aliyense. Anaima pamaso pa mwamuna wake, anamasula kamtolo koyamba, anatenga kanjedza mmodzi, anamuluma theka, n'kumeza onse akuona. Theka linalo anam'patsa Bassou. Mwamunayo anazengereza, kenako anadya. Itto anamanganso kamtoloko n'kukalowetsa yekha m'thumba lakumsana kwa Bassou.

Kenako anatembenukira kwa Nezha.

"Uyu ndi wanu, achemwali. Ndizikumangirani Lamlungu lililonse. Njala ikakugwirani, pisani m'thumba mwanu. Wa bambo a Yidir ndi wa bambo a Yidir."

Nezha analandira ndi manja awiri. "Nanga akagwanso?"

"Sadzagwanso ndi njala. Akagwa ndi zina, mudzandiitane ndidzawadzutse ndekha."

Anyamata aja anayang'ana kumbali kubisa mano. Bassou anakhosomola, anakwera njinga, gulu linanyamuka. Itto anatsala pamsewupo mpaka timadontho tija titafika pokhota poyamba, pamene kachikasu ka Nezha kanalowa kumbuyo kwa kofiira ka Bassou, n'kuoneka ngati kamodzi.

Tsopano kungalande amayi agawikana. Ena akuti Itto wamanga mpanda wolimba popanda kukweza mawu. Rkia akuti ayi, akunenepetsa mkazi mnzake ndi kanjedza wa bambo ake omwe. Nanga inu, mukanakhala Itto, kamtolo kachiwiri kaja mukanakamanga?