Mafomu a Mayi Halvorsen

"Makalata asanu onsewa alemba ndi anthu amene munadyapo nawo," anatero a Castellano, loya wanga, akuwakankhira kwa ine ndi chala chimodzi. "Awa anakuphunzitsani. Awa ndi abwana anu. Nanga awa, munali nawo pa ukwati?"

"Pa ubatizo wa mwana wanga," ndinayankha.

"Mwaonatu? Abomawa sakufuna kumva kuti ndinu mayi wabwino, a Yirgalem. Akufuna umboni woti anthu osakudziwani, oti mutagundana nawo pamsewu sangakupatseni n'komwe moni, akugwiritsa ntchito kafukufuku wanu. Tili ndi masiku makumi atatu. Tandiuzani, munachita chiyani inuyo?"

"Gulu lathu linapeza mtundu wa tirigu wosagwidwa ndi matenda a dzimbiri."

"Gulu silikupempha chitupa. Inuyo munachita chiyani?"

Ndinayang'ana makalata aja. Kwathu ku Ethiopia ndinakula ndikudziwa kuti munthu sadziyamikira yekha, umadikira ena anene. Tsono apa ndimauzidwa kuti ndiimbe ndekha ng'oma, ndivinenso ndekha. Chikhalirecho chitupa changa chogwirira ntchito ku Minnesota, m'dziko la America, chinkatha mu June. Akanakana pempho langa lokhala nzika yokhazikika, ndikanasiya mbewu zimene ndinavutika nazo zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo mwana wanga Hiwot, amene anabwera kuno akuyamwa, ndikanamuzula pasukulu yokhayo imene ankaidziwa.

M'mawa mwake ndinalowa m'nyumba yagalasi mmene tinkameretsera tirigu, maso ali otupa. Mayi Halvorsen, amene ankayang'anira nyumbayo kuyambira ine ndisanabadwe mwina, anali akuthirira, nanenso ndinayamba kuthirira mizere yanga. Kunena zoona, ine ndi mayi amenewa sitinkamwerana madzi. Wasayansi wakunja akapempha mbewu zanga, iwo sankalola kuti ngakhale njere imodzi ituluke popanda fomu yawo, yodzazidwa katatu, ndi cholembera chakuda. Chaka china anasunga phukusi la ku Kenya milungu itatu chifukwa ndinasaina ndi cholembera chobiriwira. Chimene chinkandiwawa kwambiri chinali mzere wotsiriza wa fomuyo: "Wotumiza mbewu adzakhala pano mpaka liti?" Iwo ankati n'zothandiza kuti olandira adziwe wokamufunsa. Ine ndinkangoona kuti akundiwerengetsa masiku anga otsala.

"Mwathirira mzere umenewo kawiri," anatero osandiyang'ana. "Mukufuna kulima mpunga?"

"Pepani, Mayi."

"Yirga, mwalira. Wamwalira ndani?"

Sindinkafuna kuwauza. Koma mbewa yamanyazi inafera kuuna, choncho ndinamasuka n'kufotokoza zonse, za loya, za masiku makumi atatu, za anthu osandidziwa amene sindinkadziwa kowapeza.

Anatseka mpopi. "Osakudziwani? Basi? Loya wanuyo mumamulipira kuti azikulizani? Tanditsateni kuno."

Ananditengera m'kachipinda kosungira mankhwala n'kutsitsa makatoni anayi. M'menemo munali fomu iliyonse imene ndinadzazapo mong'ung'udza, yosanjidwa chaka ndi chaka. Kumbuyo kwa fomu iliyonse anamangirirako kalata yopempha mbewuzo, ndipo kumbuyo kwa kalatayo kunalinso pepala lina limene sindinaliwonepo. Kunapezeka kuti pakapita chaka, iwo ankalembera aliyense wolandira n'kumufunsa funso limodzi: kodi mbewu zija zinamera bwanji?

"Anthu amayankha?" ndinafunsa.

"Akapanda kuyankha ndimalembanso. Uyu wa ku Pakistan ndinamulembera kanayi. Anatopa nane."

Munali mayankho makumi asanu ndi limodzi mphambu awiri, ochokera m'mayiko khumi ndi asanu ndi anayi. Wina wa ku Kazakhstan anatumiza chithunzi cha minda iwiri yoyandikana, wina wofiira ndi dzimbiri, wina wobiriwira. Pansi pake analemba ndi dzanja kuti wobiriwirawo unachokera ku mbewu za mayi wina dzina lake Yirgalem, amene iye sanakumanepo naye.

Misozi inalengeza m'maso mwanga. "Bwanji simunandiuze?"

"Munandifunsapo? Inu mukandiona mumathawa ngati ndakupemphani impso. Musadonthezere pamapepala anga, chonde."

Milungu itatu yotsatira, nthawi ya chakudya chamasana, tinkayala mapepalawo pa tebulo losankhira njere. Ine ndinkabweretsa injera, mkate wakwathu, iwo khofi wawo wochepa mphamvu uja, amene ndinkamwa chifukwa cha ulemu basi. Tinasanja umboniwo monga anafunira a Castellano: pempho, fomu, yankho, kenako nkhani imene wasayansiyo anasindikiza akutchula mbewu zanga. Chigawo chilichonse chinali ndi nambala ndi kapepala kachikasu. Asanu mwa anthu osandidziwa aja anavomera kulemba makalata atsopano. Ndikalemba kuti "tinapeza," Mayi Halvorsen ankafufuta.

"Tinapeza ndi ndani? Ine ndinkakuonani mukugwada nokha m'mizere imeneyi mpaka mawondo kuchita zipsera. Lembani kuti ndinapeza."

A Castellano atanyamula mulu wa mapepalawo anauyeza m'manja ngati mwana wakhanda. "Mayi amenewa sakufuna ntchito kuofesi kwanga kuno?"

Yankho la boma linafika mu May. Anavomera. Ndinawerenga kalatayo kawiri ndili chiimirire pakhomo, kenako ndinayendetsa galimoto kupita ku nyumba yagalasi nditavala masilipasi a m'nyumba. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira, koma nditawaona Mayi Halvorsen ataŵerama pa mbande, onse anandithawa.

"Mayi, avomera. Sindikudziwa kuti ndikuthokozeni bwanji. Ndinkakudani, mukudziwa?"

"Ndinkadziwa," anatero. Anandikumbatira mwachangu ndi dzanja limodzi, lina litagwirabe paipi, madzi akutinyowetsa mapazi tonse awiri. Kenako anapukuta manja pa epuloni n'kutulutsa pepala m'thumba. "A ku Nepal akufuna mbewu. Katatu, cholembera chakuda."

Ndinaseka mpaka kutsamwa. Ndinatsamira pa tebulo n'kuyamba kudzaza, dzina, mtundu wa mbewu, kulemera kwake. Nditafika pansi, cholembera chinaima. Mzere wotsiriza uja anali ataukhwatcha kale ndi rula, mowongoka bwino, pa mapepala onse atatu.