Mpando Wowotcherera

Sipanala inamupulumukanso, n'kugwera pansi pa galimoto. Mzime wa m'nyumbamo, mtsikana wodziwa ntchito ya magetsi, anatukwana chamumtima. Panali patatha masiku anayi chiwaikire bambo ake m'manda, ndipo wogula zitsulo anali atalonjeza kubwera masana omwewo kudzaikoka.

Inali galimoto ya mpikisano, yofiira, ya zitseko ziwiri, yonyonyomala ngati chule. Bambo anaichotsa injini zaka zitatu zapitazo n'kuikamo mota ndi mabatire, amvekere idzathamanga ngati mphepo popanda n'kutsokomola komwe. Imfa sinawadikire. Anasiya mawaya ali mbwee, opanda chizindikiro, poti zonse ankasunga m'mutu.

Mayi ake sankafuna n'kuiona komwe. Ankaitcha mkazi mnzawo, chifukwa ndi imene inkawalanda amuna awo Loweruka lililonse, chakudya chikuzizira patebulo. Achimwene anali mbali ya mayi. Ankangolowa n'kutuluka, maso kumsewu, uku akumuuza mlongo wawo kuti asiye kudzutsa zakufa.

Mzime mtima unali m'mwamba. Kwa iye, galimotoyo ikapita ndiye kuti bambo amwalira kachiwiri. Analumikiza waya womaliza dzanja lina lili m'thumba, monga anamuphunzitsira malemuwo, kuopa kuti magetsi angadutse pamtima. Kagetsi kobiriwira kanayaka.

Atati alowe kuti aiyese, mawondo anagunda chiwongolero. Anayesa kukankhira mpando m'mbuyo, koma unali wowotcherera pomwepo. Bambo, ndi kutalika kwawo kuja, sakanakwanamo ngakhale atadzipinda. Mzime atasuzumira kumapazi anaona timatabwa tokhuthala, tomangidwa ndi mabawuti pa buleki ndi popondera moto.

Anathamanga kukaitana mayi, amene anabwera monyinyirika akupukuta m'manja.

"Amayi, tangokhalani apa kamodzi kokha."

"Iwe, usandiseweretse. Bambo ako ndinawauza tili achinyamata kuti ine kuyendetsa ayi. Phokoso la injini limandiopsa, komanso timiyendo tangati sitifika pansi."

Komabe anakhala. Msana unatsamira bwinobwino, mapazi anafika pa timatabwa tija osadzikoka n'komwe. Anasisita chiwongolero, misozi ikulengeza.

Kunja lole ya wogula zitsulo uja inaliza hutala, achimwene n'kuyamba kutsegula geti.

"Awuze abwerere," anatero mayi. Kenako anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri n'kutembenukira kwa mzime. "Mwanangu, buleki ndi iti?"