Mbande Zisanu za Kumutu kwa Ngalande

1.
Pali chinthu chimene Mwandida sanauzepo munthu. Mbande zisanu za tomato zimene aphunzitsi a Msosa anazula m'munda wa sukulu, n'kumupatsa kuti akaotche, iye sanaotche. Zinkaoneka zamoyo. Anazikulunga m'pepala, n'kukazibzala m'dimba la bambo ake, kumutu kwa ngalande, pamene madzi amalowera.

2.
Chisoni. Basi.

3.
Tamverani, Fomu 3, anatero a Msosa tsiku lomwelo, choko chili m'manja. Bakiteriya wofotetsa tomato ameneyu sathyola chitseko. Ali ndi kajakisoni kake. Amabaya selo la chomera n'kuthiramo mapuloteni, ndipo mapuloteniwo amachitseka pakamwa kuti chisachenjeze masamba ena. Chomera chimene chazindikira msanga chimapha chokha pamene pagwidwapo. Pamatsala kachipsera kouma, kwina konse kwapulumuka.

Nanga chimene chatsekedwa pakamwacho? anafunsa wina kumbuyo.

Chimenecho chimakhala chobiriwira bwinobwino mpaka tsiku logwa.

4.
Lolemba, mbande zisanu zija.
Lachitatu, mzere woyamba.
Lachisanu, wachiwiri, masamba ali lende ngati zovala zonyowa pachingwe.
Thirirani, akutero mayi.
Athirira.
Mzere wachitatu, wachinayi.
Mwandida sananene.

5.
Bambo akuti ndi a Nangondo, mayi wamasiye wa dimba lakumtunda. Anakangana nawo mwezi watha pa za tsiku lotsegula madzi, ndiye akuti gogoyo wathira zinthu m'ngalande. Umboni wawo ndi umodzi: bwanji tomato wake yekha sakufota? Mayi anawauza kuti munthu sanenezedwa chinthu chimene sunamuone akuchita. Bambo anati zimenezo akazinenera ku komiti ya madzi Loweruka, ndipo a Nangondo akawatsekera ngalande azikathirira ndi malovu.

6.
Iwe Mwandida iwe ukudziwa kuti madzi sakwera kumtunda, ukudziwa kuti amayambira pa mbande zako n'kutsika mzere ndi mzere atanyamula tinthu timene maso saona, ukudziwa kuti a Nangondo ali ndi adzukulu atatu amene amadya za m'dimbamo, koma watsekedwa pakamwa ngati alipo wakubaya kajakisoni kaja, ndiye umangotsuka mbale, umangoti inde bambo, umangoti ayi mayi sindikudwala, wobiriwira bwinobwino

7.
Mwandida anakumana nawo pa mlatho wamitengo, a Nangondo atasenza dengu la mpiru.

Mpongozi wanga, waonda bwanji? Mayeso kapena kamnyamata?

Mayeso, agogo.

Bambo ako sakundiyankha moni masiku ano. Ukawauze kuti ine ndilibe nawo chifukwa.

Anamupatsa mpiru wodzaza manja awiri. Mwandida analandira atagwada pang'ono.

Anawoloka mlatho n'kupita kwawo.

8.
Zofunika poyesa ngati tomato ali ndi bakiteriya uja, monga mwa kope lake:
tambula yagalasi,
madzi oyera,
mpeni,
tsinde la tomato wofota.
Dula tsinde. Liviike nsonga yokha. Usagwedeze. Dikira.

Anayesa yekha kuseri kwa bafa Lachisanu masana. Poyamba panalibe kanthu, mtima unayamba kutsika. Kenako kuchokera pamene anadulapo panatuluka timaulusi toyera ngati mkaka, tikutsika pang'onopang'ono, osafulumira.

9.
Chimapha chokha pamene pagwidwapo.

Kachipsera.

Kwina konse.

10.
Loweruka m'mawa bambo avala jekete lawo lopitira ku misonkhano. Akupukuta nsapato pakhonde. Mwandida waika tambula pansi, pakati pa nsapato ziwirizo, timaulusi tikuonekabe m'madzimo.

Ichi n'chiyani?

Ndalemba nkhani yonseyi kuti Mwandida, Mwandida, ngati ndi mwana wa eni ake amene ndimangomuona pa msewu. Pakhonde paja panalibe Mwandida wina. Ndinagwada ndine. Ndinayang'ana zingwe za nsapato zawo.

Bambo, musapite ku komiti. Si a Nangondo. Matendawa ndinabwera nawo m'pepala kuchokera ku sukulu, ndipo mbande zisanu za kumutu kwa ngalande zija ndinabzala ndine.