Zimbale Zoopsezera Kabawi

Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse, akangotuluka m'tchalitchi, Zakeyu ankakwera njinga yake yopanda mabuleki kuchoka ku esiteti ya fodya kuseri kwa Mitundu, ulendo wa ku Nathenje. Matenanti anzake ankamuseka kuti bambo wa ana anayi akupalasa mtunda wonsewo kukaona azungu akuthamangitsana pa akavalo. Iye akanawauza bwanji kuti chomwe ankalondola kumeneko si azunguwo ayi, koma pakamwa pa a Fanuel?

A Fanuel anali mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndipo anali ndi katoni yodzaza zimbale za mafilimu a akawuboyi, akalekale opanda mtundu ndi atsopano omwe. Chizungu Zakeyu sankachimva, choncho aphunzitsiwo ankamasulira, mchere akuthiramo wawowawo. Wakuba ng'ombe aliyense ankasanduka "kapitawo wanu uja". Panali filimu imodzi yomwe ankaibwereza chaka ndi chaka, ndipo pa chimbale chake a Fanuel anajambulapo kakavalo kuti Zakeyu, wosadziwa kuwerenga, azichizindikira. Chakumapeto kwake munthu wa chipewa chotambalala ankafika pa khola la ng'ombe zake zobedwa. Mphuno ya kavalo ikangogunda chipata, a Fanuel ankadzuka pampando n'kukuwa kuti, "Tsegulani, eni ng'ombe afika!" Sankafulumira ngakhale pang'ono. Ankati womasulira wotsogolera chithunzi ndi wabodza.

Chaka chino Zakeyu anajomba miyezi iwiri. Inali nyengo yosankha fodya ndi kumanga mabelo, ndipo kapitawo anati wochoka pa chigafa asabwererenso. Ali komweko analandira foni ya mayi Idesi, akazi awo a Fanuel, yoti aphunzitsi anagwa kubafa, mbali imodzi yafa, lilime lauma. Mayiwo anati anamwino akuti aziwakumbutsa zomwe ankazikonda, mwina mawu n'kubwerera. Sabata yomweyo bwana wa esiteti analengeza kuti chaka chamawa adzala soya, safunanso matenanti, ndipo lole yobwezera anthu kwawo ku Phalombe inyamuka Lachitatu. Mlendo ndi mame. Zakeyu anatsala ndi Lamulungu limodzi lokha, ndipo anatsimikiza mumtima kuti akangoika filimu ya kakavalo ija, aphunzitsi akuwa basi.

Akuyandikira pakhomo, china chinamuthobwa m'maso. Kuchokera pa mtengo wa mango kukafika pa khola la nkhuku panali chingwe, ndipo pa chingwepo zimbale zinali lendelende, zikuzungulira ndi mphepo padzuwa. Zakeyu anatsika njinga isanaime.

"Mayi, n'chiyani chimenechi?"

"Kabawi, bambo," anatero mayi Idesi akumulandira njinga. "Wanditha anapiye asanu ndi awiri. A Chithokozo apafupipa ndiwo anandipatsa nzeru, akuti zikamang'anima amaopa. Nanga eni akewo aziona bwanji m'mene alilimu?"

Zakeyu anapsa mtima, koma akalipire ndani? Mayiwa ankasambitsa mwamuna wawo okha, kumtembenuza okha, ndipo nkhukuzo ndizo zinali ndiwo za wodwala. Anayenda m'munsi mwa chingwe mpaka anapeza cha kakavalo. Bowo lapakati mayi Idesi sanalikhulupirire. Anaboola lina m'mphepete ndi msomali wamoto kuti chizizungulira bwino.

Anachitsuka ndi sopo, nachipukuta ndi malaya ake a kutchalitchi, n'kulowa m'nyumba. A Fanuel anali pampando wawo womwe uja, atawatchinjiriza ndi mapilo, mlomo utapendekera kumanzere. Munthu amene mawu ake ankamveka mpaka kumsewu anangomuyang'ana, misozi ili m'maso.

"Aphunzitsi, ndabwera. Lero ndi tsiku lathu."

Mwamwayi magetsi analipo, ndipo filimu inayamba bwinobwino. Azungu analankhula Chizungu chawo popanda wowathandiza. Zakeyu anayesa kumasulira yekha zomwe ankakumbukira, akuphonya dala kuti amudzudzule. Wakuba ng'ombe ataonekera anati, "Awo, abusa afika," ndipo chala cha a Fanuel chinagogoda pa mkono wa mpando kawiri, mokana. Aphunzitsi anali momwemo, akumva zonse.

Kenaka munthu wa chipewa uja anatulukira pa chitunda, kavalo akutsika pang'onopang'ono kulunjika ku khola. Chifuwa cha a Fanuel chinakwera. Dzanja lamoyo linagwira mpando ngati akufuna kudzuka, pakamwa panatseguka. Mayi Idesi, amene anaima pakhomo, anagwira kukamwa.

Chithunzi chinauma. Kavalo anaima mwendo uli m'mwamba, patatsala mapazi atatu kuti afike pa chipata, kenaka nkhope yake inasweka timabokosi.

Zakeyu anatulutsa chimbale, nachiuzira mpweya, nachipaka mankhwala otsukira mano monga amachitira a m'mavidiyo pa Mitundu. Anathamangitsa filimu mpaka pa chitunda. Kavalo anaimanso pomwepo. Anayesa kudumphitsa, makina anangolira ngati chigayo chopanda chimanga. Pa chimbalepo, pamene panali chipata ndi pamene panadutsa msomali. Atalephera kachitatu, anagwada pafupi ndi mpando.

"Nenani basi, aphunzitsi. Wafika kale ameneyo, tonse tikudziwa. Ndapota nanu, nenani."

A Fanuel sanamuyang'ane. Maso anali pa kavalo, pakamwa pali chitsegukire, akudikira mphuno igunde chipata. Anadikira mpaka mpweya unawathera, mlomo n'kubwerera m'malo mwake.

Dzuwa linali litapendeka, ndipo njinga yopanda mabuleki siyenda mumdima. Zakeyu anawagwira dzanja nthawi yaitali. Za lole ya Lachitatu sanathe kuwauza. Anangoti, "Tionana mwezi wamawa," bodza loyamba kuwanamiza chidziwanireni.

Panja nkhuku inalira mochenjeza, anapiye n'kuthawira pansi pa nkhokwe. Mayi Idesi anayang'ana kumwamba, kenaka chimbale chomwe chinali m'manja mwa Zakeyu, koma anachita manyazi kupempha. Zakeyu anapita pa chingwe, napeza ulusi womwe anamasula uja, n'kuchimangirira yekha.