Mbali ya Diso Lakufa

"Iwe, beseni, msanga!" anakuwa azakhali, koma ndinachedwa nalo. Anasanzira pansalu ya kasitomala, pamakina awo osokera pomwepo.

Diso lawo lakumanja linali psuu, misozi ili chuchuchu. Anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Mutu ukung'ambika," anatero. "Ndipo babu ili lazunguliridwa ndi utawaleza."

Utawaleza m'nyumba, masanasana? Ine ndinasekera mumtima. Paja dzulo lake anali atandinenera kwa bambo kuti ndinajomba kusukulu, ndipo mikwingwirima ya lamba inali isanapole. Ndinathamangira kumpopi komwe azimayi a pamzere pathu amachapira.

"Musauze munthu," ndinayamba choncho, poti nkhani imamera mapiko ndi mawu amenewa. "Azakhali anga akwaya aja amamwa mobisa. Lero aledzera mpaka akuona utawaleza."

"Botolo waliona ndi maso ako?" anafunsa mayi wina amene timangomuti Wayilesi.

"Awiri," ndinayankha osaphethira.

Dzuwa lisanapendeke nkhani inali itafika kwa abusa, mabotolo atakwana asanu. Bambo anabwera kuntchito nkhope ili gwaa.

"Achemwali, mwatichotsa ulemu."

"Achimwene, ndiperekezeni kuchipatala. Diso likufuna kuphulika."

"Chipatala cha matsire? Kagoneni, mowawo utuluke."

Anawatsekera kuchipinda n'kukoka makatani onse, kuti obwera kudzasuzumira asawaone. Masiku atatu, abale! Ine ndinkawapititsira madzi, n'kumawamva akubuula mumdimamo. Ndikanatha kuulula. Koma kumpopi anali atayamba kundisungira malo, akuluakulu enieni kumandifunsa kuti, "Lero zafika pati, mwanawe?" Zinkandikoma, bodza n'loipa.

Tsiku lachinayi amayi anachita makani mpaka tinawatengera kuchipatala. Dokotala wa maso anawadonthezera mankhwala, n'kugunditsa kachipangizo padisopo. Anapukusa mutu.

"Lalimba ngati mwala. M'diso mumayenda timadzi. Njira yake yotulukira inatsekeka mwadzidzidzi, ndiye tadzaza n'kufinya mtsempha woonera. Zinayamba liti?"

"Lolemba," anatero amayi.

"Lolemba! Nanga munali kuti?"

"Tinawagoneka kuchipinda kwamdima kuti apumule," anayankha bambo.

"Mdimawo ndiye umatsekeratu njirayo. Mukanabwera tsiku lomwelo, bwenzi tikukamba zina."

"Ndiye kuti si mowa, adokotala?" anafunsa bambo.

"Mowa wanji? Anakuuzani zimenezo ndani?"

Bambo ananditembenukira, amayi nawonso. Ine maso pansi, n'kumawerenga zala zakumapazi.

Diso lakumanja linapitiratu. Anangolithira mankhwala kuti ululu uleke. Lakumanzere analiboola kabowo kakang'onong'ono ndi kuwala kwa makina, kuti nalo lisadzatsekeke. Kukwaya sanabwerereko, chifukwa kwa Wayilesi ndi anzake iwo ndi chidakwa mpaka pano. Bodza ndinakaliulula kumpopi komweko, koma anangoseka kuti, "Aaa, akuopseza kunyumba eti?"

Azakhali sanandimenye, sananditukwanenso. Koma ndikalowa kukawapatsa moni, amasiya kupalasa makina, n'kutembenuza mpando pang'onopang'ono mpaka ine ndikhale mbali ya diso lakufalo. Akatero amapitiriza kusoka.